Zilembo Zovina ndi Nyumba Yamphepo

"Zilembo izi ndi zako?"

Sajeni, mayi wojintcha wa magalasi omangirira kachingwe, anakankhira foni yong'aluka sikirini patsogolo pa Katsabola. Foniyo inali ya achimwene ake. Anaidziwa ndi labala yomwe inamanga chivindikiro chake. Eni ake a foni anali kuseri kwa khoma, m'chitolokosi, opanda lamba, opanda zingwe za nsapato.

Katsabola anaweramira chithunzi chomwe chinali pafonipo. Pamwamba panali mutu wa zilembo zonenepa, zofiira ndi zachikasu: Ulendo wa lero, kukasangalatsa ana. M'munsi mwake munali njira: kuwoloka mlatho, kukhotera kumanja pathanki yamadzi, kuima panyumba yosamaliza ya geti lobiriwira.

"Ndi zanga," anatero. "Ndinajambula ndekha, kuyambira a mpaka z."

"Zikomo. Ambiri amayamba ndi kukana."

"Ndikane chiyani? Ndati zilembo ndi zanga, sindinati mawuwo ndi anga. Mmisiri akasula mpeni, wina n'kukabaya nawo munthu, mumamanga mmisiri?"

"Muno usamatchule mipeni," anatero Sajeni osakweza mutu.

Dzina loti Katsabola sanalipeze pamsewu. Kuyambira ali wamng'ono mawu sankawameza, ndipo pamene anzake amati pepani iye amati chifukwa chiyani. Kupanga masamba a pa intaneti anadziphunzitsa yekha pakompyuta yobwereka, yosowa batani limodzi. Ntchito yake yoyamba yooneka anamupezera ndi achimwene akewo, omwe ankayendetsa lole pakampani yobwereketsa katundu wa maphwando a ana: timipando, matenti, ndi chuma chenicheni cha kampaniyo, nyumba yamphepo. Ichi ndi chinsalu chokhuthala chomwe amachipopa ndi makina mpaka chiime ngati nyumba yachifumu, ana n'kumadumphamo mpaka kusanza keke. Mwini kampani, yemwe aliyense ankangoti Madamu, anafuna tsamba loti munthu akalitsegula amve kuseka kwa ana. Katsabola anajambula zilembo zakezake, zosewera, zodumphadumpha, naikanso tsamba lina la antchito pa tabuleti yokhomeredwa kukhoma la shedi, kuti dalaivala azionapo komwe akupita tsikulo.

Loweruka limeneli achimwene ananyamula nyumba yamphepo n'kukaitula komwe khoma linanena. Atabwerako anapeza Madamu akulira kuti palibe anabwereka nyumbayo. Apolisi atathamangira kugeti lobiriwira anangopeza udzu ndi mapazi a matayala.

"Madamu akuti mawu achinsinsi olowera patsambali mumawadziwa awiri, iwo ndi iwe," anatero Sajeni. "Iwo akuti sadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Ndiye nkhani ikudziyendera yokha. Mlongo alemba ulendo wabodza, mchimwene anyamula katundu, mlongo afufuta ulendowo."

Katsabola anatulutsa foni yake mwaukali, nalowa kumbuyo kwa tsamba, komwe chilichonse cholembedwa kapena chofufutidwa chimasiya phazi. Munalibe ulendo wotero. Munalibe ngakhale chizindikiro choti wina anafufutapo kanthu. Anayang'ananso chithunzi chija. Mitundu inali yake, zilembo zake, ngakhale kanyenyezi ka pakona kanali kake. Zinali ngati kukumana ndi mwana wako pamsika, atavala malaya omwe unamusokera, koma osakudziwa.

"Ngati ndine mbala, bwanji simunanditsekere inenso?"

"Chifukwa sindikukumvetsa. Mbala yochenjera mpaka kufufuta zonse, koma n'kusiya chithunzi m'foni ya mchimwene wake? Khala pompo. Timve kaye kwa mwini foni."

Achimwene anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Anali munthu wamtali, wofatsa mopweteketsa mutu, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

"Kunena zoona, bwana, ine ndinachita monga masiku onse. Ndinalowa m'shedi, ndinayang'ana pakhoma, ndinapeza tabuleti yoyaka kale. Ndinawerenga, ndinajambula, chifukwa mutu wangawu njira susunga."

"Yoyaka kale. Amayatsa ndani?"

"Amene wayamba kulowa. Kawirikawiri ndimakhala ine."

"Nanga lero?"

"Kunena zoona, sindinaganizepo."

"Kugeti lobiriwira munapeza ndani?"

"Azibambo awiri a maovolosi. Aulemu ndithu. Anandithandiza kutsitsa. Ndinati ndipope, iwo anati phwando ndi lamadzulo, ali ndi wawo wopopa. Wina anandipatsanso madzi akumwa."

Katsabola sanathe kupirira. "Achimwene, nyumba yopanda denga, pabwalo popanda mwana ngakhale mmodzi, popanda ndi baluni yomwe, inu osadabwa?"

"Ndinadabwa, mlongo wanga." Anamuyang'ana ndi maso ofiira. "Koma zinalembedwa ndi zilembo zako. Ndikanakayikira iwe?"

Tsabola yense wa Katsabola anathera pomwepo. Wapolisi anawabweza achimwene, chitseko chachitsulo chinalira, ndipo Sajeni anatola makiyi a galimoto.

"Lolemba akuonekera kukhoti pamlandu wakuba ali pantchito," anatero. "Ngati uli ndi nzeru ina kupatula kukalipa, tiye."

Shedi inkanunkha labala ndi shuga wopserera. Pakona pomwe pankagona nyumba yamphepo panali potakasuka, poyera ngati pomwe pachoka bedi. Madamu anakhala pakampando ka ana, chikwama chachikulu chili pamiyendo, mutu utangochoka kumene ku saluni.

"Sajeni, ine ndine munthu wopemphera. Ana awa ndinawatola ine. Mnyamata uja anabwera nsapato zikuseka, ndinamupatsa lole. Anandipempha kuti ndithandize mlongo wake, ndinati bwera, mwana wanga, jambula tizilembo tako. Lero malipiro anga ndi awa."

"Tizilembo," anatero Katsabola.

"Khala chete iwe," anatero Sajeni. "Madamu, m'mawa munali kuti?"

"Ku saluni, kuyambira potsegula. Mutu wanga ndi umboni. Funsani atsikana onse, anandiwotchanso khutu ili."

"Tabuleti iyi waigwira ndani chichokereni dalaivala?"

"Ine zinthu zimenezo ndimaziopa ngati njoka. Foni yomweyi amandiyankhira ndi adzukulu."

Katsabola anapita pakhoma. Tabuleti inali kuonetsa tsamba lake lenileni, lonena kuti lero kulibe ulendo. Anafufuza m'kati mwake osapeza kanthu. Mutu unayamba kumulemera. Kodi tsamba lingalembe lokha ulendo, kenako n'kudzimeza? Kapena analakwitsa penapake, khomo n'kutsala lotsegula, mbala n'kulowa ndi kutuluka osasiya phazi? Munthu wodziphunzitsa yekha amakhala ndi mantha amodzi osatha, akuti pali phunziro lina lomwe ena onse anaphunzira tsiku lomwe iye kunalibe.

Kuseri kwa matenti kunatuluka bambo wina nkhope yopaka yoyera theka, mpira wofiira uli pamphuno, ndudu yosayatsa ili kukamwa. Anali msangalatsi wa ana, yemwe onse ankamutcha Amalume Mphuno. Madamu atawaona anadzuka kuti akayankhe foni panja, ngakhale foniyo sinalire.

"Ine musandifunse zambiri," anatero Amalume Mphuno ndi mawu okhuthala, osiyana ndi nkhope yawo. "Ntchito yanga ndi kugwa pansi kuti ana a anthu olemera aseke. Maso ndimasiya kunyumba."

"Munabwera nthawi yanji?" anafunsa Sajeni.

"M'mamawa, dalaivala asanafike. Ndinadzatenga wigi. Alonda ananditsegulira."

"Khoma linali loyaka?"

"Loyaka, komanso lopenga. Ndinafuna kuona ngati dzina langa lili m'munsi, chifukwa kopita nyumba ija ndimapitanso ine. Ndinakankha ndi chala kuti likwere, osakwera. Ndinagogoda, linafufuma ngati chule. Ndinati basi, lakhuta, n'kulisiya."

"Tsamba langa silifufuma," anatero Katsabola. "Ndinalimanga kuti lisamafufume."

"Ndiye chala changa ndi chabodza, mwana wanga. Chitengeni mukachitsekere." Anatembenuza nduduyo ndi lilime. "Komatu yadziwa kusankha nthawi yosowera, nyumba imeneyi."

"Mukutanthauza chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Sabata yatha msoko unaphulika pakona, ana ali m'kati. Anakhuthukira pansi ngati mbatata m'thumba lobooka. Kamtsikana kena kanathyoka mkono. Bambo ake si munthu wolira, ndi munthu wolemba makalata ku boma. Lolemba kukubwera a boma oona za chitetezo kudzayeza nyumbayo. Ayeza chiyani tsopano? Mphepo?"

Sajeni anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono. Katsabola anamva mawuwo ngati wailesi ya kwa aneba. Maganizo ake anali atathamangira kwina. Ngati khoma silinkakwera koma kufufuma, ndiye sichinali tsamba. Chinali chithunzi chabe, chomwe wina anachipanga kwina n'kuchiyala pasikirini yonse. Ndipo kuti munthu apange chithunzi chotero amafunika kukhala ndi zilembo zake m'kompyuta mwake. Zilembozo anazipereka kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi.

"Ndamudziwa," anatero. "Ndi Inki."

"Inki ndi ndani?"

Koma Katsabola anali kale pakhomo.

Inki anali wosindikiza, mwini kashopu kopanikizika pakati pa ogulitsa matayala ndi ometa tsitsi. Ndiye anasindikiza mateesheti a kampani ndi chikwangwani cha pambali pa lole. Anamupeza akudula mapepala, zala zakuda mpaka m'zikhadabo.

"Sisi wanga, mwabwera ndi boma? Ngati ndi za zikwangwani za dzulo, utoto uja uuma, ndikulonjeza, ungofuna dzuwa."

"Ndinakupatsa zilembo zanga ngati munthu, iwe n'kukaba nazo," anatero Katsabola. "Achimwene anga agona pansimenti chifukwa cha iwe. Anthu a maovolosi aja ndi abale ako?"

"Maovolosi ati? Sisi, ine ngakhale ovolosi yanga ndilibe."

Makasitomala awiri omwe anali pabenchi anasendera pafupi kuti amve bwino. Sajeni anaima pakati, naika foni ya achimwene patebulo.

"Bambo, muli nazo zilembo za mtsikanayu?"

"Ndili nazo, bwana wanga, sindikana. Zilembo zabwino, makasitomala amazifunsa, koma sindinapatsepo munthu wakunja, Mulungu akuona."

"Lembani mawu awa pakompyuta panu. Monga momwe alili."

Inki anakhala pansi, napukuta zala pathalauza, nalemba. Pasikirini yake yaikulu panatuluka mutu uja, wonenepa, wosewera: Ulendo wa lero, kukasangalatsa ana. Katsabola anatola foni n'kuiika pambali pa sikirini kuti amuonetse poyera kuti ndi zofanana, kuti anthu a pabenchi aone mbala ndi maso awo.

Sizinali zofanana.

Anayang'ana uku, nayang'ana uko. Chomwe chinasiyana sanachigwire msanga, monga umachitira munthu akameta ndevu, iwe n'kumangoti wasintha koma osadziwa pati.

"Sakuvina," anatero motsitsa.

"Ndani?" anafunsa Sajeni.

"Ma a. Taonani." Analoza pasikirini ya Inki. "Mawu athu ndi odzaza ndi a. Ukalemba kukasangalatsa ndi a wamtundu umodzi, zimaoneka ngati mpanda. Ndiye chilembo chilichonse ndinachijambula mitundu ingapo, n'kuika lamulo m'kati mwake loti zizisinthana. Apa pa ana, a woyamba waima, wachiwiri wapendama ngati wamwa. Pa kukasangalatsa wina wadumpha, wina wakhala pansi, wina watukula mimba. Tsono taonani pafoni."

Pafoni ma a onse anaima mowongoka, ofanana ngati asilikali paperete.

"Tsiku lonse ndakhala ndikuchiyang'ana chithunzi ichi," anatero Katsabola. "Zilembo zanga zomwe, osaona." Anagwira mutu. "Ndiye kuti chiyani? Lamulo langa linafa? Kapena tabuleti ija ndi yomwe inaziumitsa? Koma ayi, tanena kuti sichinali tsamba. Kapena chinali tsamba koma lakale? Ine sindikudziwanso."

"Usathamange," anatero Sajeni. "Ine za ma a sindizidziwa, ndingofunsa ngati mbuli. Patsamba lako amavina. Pakompyuta ya bambo awa akuvina. Savina pati?"

Inki anaseka, mantha atayamba kumuchoka. "Zimenezo n'zosavuta, bwana wanga. Papulogalamu yolembera makalata, ija ya m'maofesi. Imeneyo lamulo la sisi siilimva, pokhapokha munthu akaikumbe m'kati, ndipo palibe amadziwa pokumba. Zimatuluka zouma gwa, ngati makadi a Madamu."

A pabenchi anasiya kutafuna.

"Makadi ati?" anafunsa Sajeni.

"Oitanira ana kuphwando. Amalemba okha, n'kubwera nawo pafulashi kuti ndisindikize. Ndinawauza, Madamu, mupatseni sisi akukonzereni, zilembozi zikuoneka ngati zili pamaliro. Anati sangamapemphe mwana wamng'ono chilichonse ngati kuti kampani ndi yake."

"Wati sunapatsepo munthu," anatero Katsabola.

"Ndati wakunja, sisi. Madamu ndi akunja? Anabwera ndi laputopu yawo, anati ndiikiremo zilembo za kampani yanga, ndinaika."

"Madamu ali ndi laputopu?"

"Yaing'ono, yofiirira. Imakhala m'chikwama chija chonga cha azamba. Amaiyendetsa bwino kuposa ine, zala ngati mlembi wa kukhoti."

Sajeni anabweza magalasi pamphuno. "Mtsikana, uli ndi mawu oti uwauze bambo awa."

Katsabola anayang'ana pansi, nayang'ana kudenga. Mawuwo anatuluka ngati dzino lozula. "Pepani, a Inki."

"Palibe kanthu, sisi. Koma munene mokweza pang'ono, makasitomala anga amve. Mbala munainena mokweza."

M'galimoto Katsabola ankayankhula yekha. Madamu anali ku saluni m'mawa wonse, nanga chithunzi anachiika liti? Sajeni anati makiyi a shedi sagona ku saluni, munthu akhoza kuika chinthu dzulo potseka, n'kuchichotsa lero pamene onse athamangira kugeti lobiriwira. Nanga munthu angabe bwanji katundu wake yemwe? Sajeni anamuyang'ana ngati mphunzitsi wotopa.

"Amalume a mphuno aja akuyankhula, iwe makutu unawatuma kuti? Nyumba yong'ambika ikapezeka Lolemba, kampani itsekedwa, ndipo mkono wa mwana uja ugwera Madamu. Nyumba yobedwa palibe angaiyeze. Chimangofunika ndi mbala, ndipo mbala yabwino ndi munthu wofatsa."

Katsabola anamva magazi akuwira m'makutu. Dziko lino wosauka akayetsemula amati waba chimfine.

Anawapeza Madamu akutseka shedi, chikwama chili paphewa.

"Madamu, tingaone laputopu yanu?" anafunsa Sajeni.

"Laputopu yanji?"

"Yaing'ono, yofiirira. Yomwe mumalembera makadi."

Nkhope ya Madamu sinasinthe, koma dzanja linatsika n'kugwira zipi ya chikwama. "M'chikwama cha mzimayi simulowa munthu wopanda chikalata cha khoti. Malamulo ndimawadziwako pang'ono, Sajeni."

"Ndaona kuti mumadziwa zambiri kuposa zomwe mumanena."

"Mwawatsekeretsa achimwene anga chifukwa cha chinsalu chowola," anatero Katsabola. "Munthu amene amakutsukirani galimoto Lamulungu osamutuma. Mwagwiritsa ntchito zilembo zanga chifukwa mumadziwa kuti akaziona sangafunse."

Madamu anafewetsa mawu, anakhala ngati mayi.

"Mwana wanga, ukali sumanga mudzi. Ine sindikuvomera kanthu, koma mtima wanga ndi wachifundo. Mnyamata uja ndi ngati mwana wanga wobereka. Tiyeni kupolisi pompano ndikachotse dandaulo langa. Ndikanene kuti ndamukhululukira, nkhani ithere pomwepo. Agone pabedi lake lero. Nyumbayo Mulungu adzandibwezera ina." Anatembenukira kwa Sajeni. "Wodandaula akakhululuka, mlandu umatha, si choncho?"

Sajeni anamukokera Katsabola pambali, kuseri kwa lole.

"Mvetsera bwino, chifukwa apa ndi pomwe anthu amasochera. Akachotsa dandaulo, mchimwene wako atuluka dzuwa lisanalowe. Koma fayilo itsekedwa, ndipo ine sindikhalanso ndi chifukwa chopemphera chikalata chotsegulira chikwama chija. M'mabuku mudzatsala kuti dalaivala anaba, bwana wake anamukhululukira. A boma akabwera Lolemba adzauzidwa zomwezo."

"Nanga akapanda kuchotsa?"

"Mchimwene wako akakana chikhululukocho n'kunena kuti akufuna mlandu uyende, ine ndipitiriza. Koma chikalata chimasainidwa Lolemba. Belo amapereka ndi akuluakulu athu, ndipo apita kumaliro. Agona m'menemo mpaka Lolemba."

"Pofika Lolemba adzakhala atafufuta zonse m'laputopumo."

"Mwina. Ofufuta ambiri safufuta bwino. Komanso pali alonda, pali a Inki, pali azibambo a maovolosi omwe sanagwe kumwamba. Sindikulonjeza kanthu."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Iwe? Palibe. Si iwe ukugona pansimenti."

Katsabola anafuna kukuwa kuti mlandu uyende, Madamu aone chomwe chinameta nkhanga mpala. Koma anakumbukira chifuwa cha achimwene, chomwe chimalira ngati chitseko nyengo yozizira ikafika, ndi alamu ake omwe anali ndi pakati potopa, atakhala pakhonde kudikira. Chilungamo n'chokoma pakamwa pa munthu amene akagone pamatiresi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanadziwe mbali yoti akalipire.

Kupolisi Madamu anakhala pabenchi yapanja, chikwama atachikumbatira, akudikira kuitanidwa kuti akasaine chifundo chawo. Sajeni analola Katsabola kuyankhula ndi achimwene pakazenera ka chitseko chachitsulo. M'katimo munkatuluka fungo la ndowa ndi thukuta la anthu ambiri.

Anawafotokozera zonse, mosokoneza, kuyambira pakati. Za ma a osavina, za Inki, za laputopu, za msoko ndi mkono wa mwana. Achimwene ankangogwedeza mutu, ndipo Katsabola sanadziwe ngati akumva kapena akungomulemekeza.

"Ndiye Madamu ali panja," anamaliza. "Akuti akukhululukirani. Mukavomera, mutuluka pompano. Alamu akudikira. Achimwene, ine ndikuti mwina mungovomera. Chifuwa chanu chija. Zinazo tidzaona."

"Iwe ukuti ndivomere?"

"Sindikudziwa. Lero chilichonse chomwe ndimati ndikuchidziwa chapezeka china."

Wina m'katimo anatsokomola, wina anatukwana kuti atseke kazenerako kukulowa mphepo.

"Anthu aja anandipatsa madzi," anatero achimwene pang'onopang'ono. "Ndinawathokoza. Ndinabwerera ndikuimba m'lole. Madamu atayamba kulira ndinawagwira phewa, ndinati musalire, tiipeza." "Mwana akadzabadwa, anzake azidzamuuza kuti bambo ako anaba koma anawakhululukira?"

"Anthu amaiwala, achimwene."

"Kunena zoona, mlongo wanga, ine ndapepesa zambiri m'moyo uno. Zina sindinkadziwa n'komwe kuti ndikupepesa chiyani. Koma ichi ndafufuza m'mutu monse. Ndinaba chiyani choti andikhululukire?"

Katsabola anatsamira chitseko chachitsulo chija.

"Kawauze a Sajeni kuti mlandu uyende. Ukawauze alamu ako asalire, ndili bwino, anzanga muno ndi aulemu." Nkhope yawo inachoka pakazenera, ndipo Katsabola anawamva akukhala pansi, msana ukukhuza khoma. Mawu anatuluka m'munsi, odekha ngati akuitanitsa tiyi. "Ubwere ndi bulangeti lija lokhuthala. Ndi jekete."

Katsabola anatuluka. Madamu anadzuka pabenchi akumwetulira, dzanja litatambasuka kale kuti alandire cholembera.

"Ndilowe, mwana wanga?"

"Pitani kunyumba, Madamu," anatero Katsabola, ndipo anadabwa kumva mawu ake ali ozizira chonchi. "Akana."